Wenzulo Yopanda Njere

M'mbiri yonse ya mpira wa miyendo, kuyambira ku Ingalande mpaka ku Wanki kuno, ndine ndekha amene ndinayimbirapo masewero a anthu andevu ndili mu Sitandade Thuu. Aphunzitsi a ku koleji, kumene ndinathawa ndisanamalize, sankazidziwa zimenezi. Kunena zoona, woyimbira mpira anali abambo. Ine ndinali mapapo awo chabe.

Abambo, a Phiri, ankakumba malasha mkati mwa sabata, Lamlungu nkuvala kabudula wakuda. M'komboni monse ankawaopa. Koma chaka chimenecho chifuwa chinawalowa, moti akati aphulize wenzulo inkangoti fwee, ngati ketulo yotopa. Tonse tinkadziwa kuti wodwala chifuwa dokotala wa pamgodi amamutumiza kumudzi, ndipo nyumba imatsala ndi ena. Kusiya mpira sakanatha, chifukwa anthu akanafunsa.

Ndiye anapeza nzeru. Anachotsa kanjere ka m'wenzulo yawo kuti izingokhala pakamwa ngati kaliwo. Ine ananditumiza kusitolo kukagula ina ya chitini ndi ndalama yanga ya switi, nkundiika pamzere ndi duku la amayi lomangidwa kukamtengo ngati mbendera. Mbendera ndinkaigwirira kukamwa, wenzulo kuseri kwake. Akakweza mkono umodzi, ndilize kamodzi, wina walakwa. Akaloza pakati pa bwalo, chigoli, ndikoke mpweya wautali. Akakweza yonse iwiri, katatu, mpira watha.

"Iwe, usamaonere mpira," ankatero. "Uziona ine."

Zinayenda. Iwo ankathamangira mbali yanga, atafufumitsa masaya mwaulemu, ine nkumaliza. Anthu ankati a Phiri mawu abwerera.

Tsiku lija a pansi pa mgodi ankamenyana ndi a pamwamba. Dzuwa la ku Wanki limaotcha mpaka m'mano, ndipo fumbi lakuda linali litatimata m'mphuno tonse. Mzungu woyang'anira komboni anakhala pampando wake pansi pa mtengo. Titangobwera kopuma, abambo anaima pakati pa bwalo nkukweza mikono yonse iwiri. Ndinaliza katatu, bwinobwino, monga mwa lamulo.

Iwo ankangofuna mpweya. Wenzulo yawo inali itagwa kale, ikulendewera pachifuwa, kukamwa kuli yasa.

Kenaka wina anakuwa, "Amangwetu, wenzulo ya a Phiri ikulira yokha!" Amayi ena anabereka ana nkuthawa. Likanakhala vuto la ufiti lokha, bwenzi titapulumuka, poti wa ufiti sachotsedwa ntchito. Koma mzungu uja anayang'ana malovu akuda pa malaya a abambo, nkuwakodola ndi chala kuti abwere. "Buya lapa, madala."

Sabata isanathe anawakweza sitima. Ine ndi amayi tinatsala kwa amalume, podikira kuti akachira adzatitenge. Sitima ikunyamuka anatulutsa mkono umodzi pawindo nkuukweza. Mpaka lero sindidziwa ngati ankatsazika kapena ankati wina walakwa. Sitinawaonenso.

Masiku ano ndimaonera mpira pa kanema kwa mdzukulu wanga ku Empumalanga, konkuno ku Wanki. Woyimbira ali ndi omuthandiza atatu, kawaya m'khutu, makadi amitundu m'thumba. Mnyamatayo amadandaula kuti zigoli zonse zimandipita, poti ine ndimangoona mikono ya woyimbira.

Komabe sindingadandaule. Pa nkhani yonseyi, chimene chinatuluka m'thumba mwanga ndi tiki imodzi yokha, ya wenzulo ija.