Kukhala Chete kwa Felista

Linali Lachiwiri ndipo tinkakumba mbatata ya kachewere. Munda wathu unali kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ulendo wapansi wa masiku awiri kuchokera kuno ku Bembeke kumene ndikukhala lero. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mng'ono wanga Felista anali ndi zisanu ndi ziwiri. Bambo anali atatengedwa kale ndi ankhondo kuti akawasenzere katundu, ndipo nkhani yawo inathera pomwepo.

Felista anali wolongolola. Amayi ankamutcha Wailesi, ndipo ankati vuto la wailesi imeneyi n'loti mabatire ake satha. Anali atangoyamba sukulu. Chilichonse chimene wamva m'kalasi ankadzachiphunzitsa nkhuku. M'mawa umenewo ankatola mbatata zimene ndinkafukula, uku akundifotokozera chimene chinachititsa dazi la aphunzitsi ake. Anati zifukwa zake zilipo zitatu. Ndinamvako ziwiri.

Mfuti zinayamba kulira cha kuchigayo. Kenaka utsi unakwera pamene panali sukulu. Amayi anaponya khasu pansi. Sanathamangire kunyumba. Anakokolera mbatata m'chitenje, n'kumanga, n'kundisenzetsa. Felista anamubereka ngakhale anali wamkulu kale. Mapazi ake ankawamenya kuseri kwa mawondo.

Tinalowera kum'mawa. Amayi anati tikupita kwa mlongo wawo, amalume a Sitefano, amene anakwatira ku Malawi. M'njira tinakumana ndi amake Jozefe, oyandikana nawo nyumba. Anali okha, atanyamula poto wopanda kanthu. Sitinawafunse za Jozefe.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, tinamva mawu a amuna kutsogolo kwathu. Tinatsetserekera m'chigwembe n'kugona chafufumimba mu udzu. Felista anadzutsa mutu kuti afunse kuti amenewo ndi ndani. Amayi anamutseka pakamwa ndi dzanja. Dzanjalo linali likadali ndi dothi la kumunda.

“Usayankhule,” ananong'ona. “Ngakhale wina akuitane dzina, usayankhe. Ukhale chete mpaka adutse. Akadutsa ndikuuza ndine.”

Felista anagwedeza mutu. Nyerere inkayenda pakhosi pake. Sanaichotse.

Tinakhala mmenemo mpaka mthunzi unatembenuka. Mawu aja anazirala. Amayi anakwawa kukwera chigwembe kuti akaone ngati njira yayera. Mfuti inalira kawiri. Amake Jozefe anandigwira mwendo mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinasiya zipsera.

Patapita nthawi anandisiya, ndipo ndinakwera. Amayi anali atagona chammbali m'mphepete mwa njira. Nsapato imodzi inali itavuka. Inali ya pulasitiki, yobiriwira. Ndinaitola n'kuwaveka. Sindikudziwa chifukwa chake. Sindinalire, ndipo sindinamve kalikonse, ngati mmene dzanja limachitira ukaligonera.

Amake Jozefe anandipeza pomwepo. Anawafunditsa amayi nthambi. Kenaka anandiuza kuti ndisatchule kanthu kwa mwanayo. Kwathu mwana sauzidwa maliro. Amauzidwa kuti munthu wapita ku ulendo, mpaka atakula n'kuzindikira yekha. Anatinso akalira mokweza tiphedwa tonse, ndipo pamenepo sananame.

Ndinatsikira m'chigwembe. Ndinauza Felista kuti amayi atsogola panjira ina, akatipeza kwa amalume. Anandiyang'ana, n'kudzuka, n'kundigwira chala.

Malire anali msewu wa tala basi. Ndinkaganiza kuti kudzakhala mpanda kapena mtsinje. Kutsidya kwa msewuwo amayi ena ankagulitsa kabichi, tomato ndi mbatata m'zidebe zodzaza mpaka pamwamba. Ine ndinali ndikadali ndi mtolo wanga pamutu. Ndinasenza mbatata masiku awiri kubwera nayo kudziko la mbatata. Tinaoloka. Palibe anatiwombera.

Amalume anatilandira. Amake Jozefe atawauza, anapita kuseri kwa khola la mbuzi n'kukhalako nthawi yaitali. Atabwerako anagwirizana nazo zoti mwana asauzidwe. Anakapempha Misa ya mlongo wawo, koma tsiku limenelo ife anatituma kudimba.

Poyamba anthu ankamuyamikira Felista. Ankati mwana wofatsa, waulemu. Ine ndinkafuna kuseka, chifukwa ndinkamudziwa Wailesi. Sabata inatha. Mwezi unatha. Ankadya, ankasesa, ukamutuma ankapita. Ankamva zonse. Koma mawu ngakhale amodzi sanatuluke. Anayambanso kukodza pamphasa, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka zitatu. Madzulo aliwonse ankakhala pachitsa choyang'ana kunjira.

Anatilembetsa sukulu. M'mawa aphunzitsi akamaitana maina, likafika lake kunkangoti zii. Aphunzitsi anayesa kuti ndi mwano wa ana othawa nkhondo. Anamukwapula m'manja. Misozi inkatsika koma pakamwa panali potseka. Masamu ankakhoza onse. Anzake anamupatsa dzina loti Chete, ndipo ankamutsina kuti aone ngati akuwa.

Kuchipatala anamuunika m'makutu ndi pakhosi. Anati zonse zili bwino, apite kwawo. Akazi awo a amalume anamutengera kwa sing'anga, amene anati mwana analodzedwa panjira. Anamutema mphini m'nsagwada zonse ziwiri. Zipsera zake zilipo mpaka lero. Kutchalitchi anamuwaza madzi odalitsa. Amalume ankangoti tilinde madzi apite.

Ndipo aliyense, pofuna kumusangalatsa, ankamuuza chinthu chimodzimodzi: amayi ako akubwera. Oyandikana nawo ankatero. Amalume ankatero. Koma amene ananena mawu amenewa kambiri kuposa onse ndine. Ndinkamuuza pomusambitsa, pomupesa tsitsi, popita kusukulu. Ndinafika powanena osawamva. Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Awa anagonera zaka ziwiri ndipo sanakome.

Chakumapeto kwa chaka chachiwiri ahedi anaitana amalume. Anati mwana wosayankha sangapitirire kalasi ina, bola azikhala kunyumba. Sing'anga uja naye anati chatsala n'kudula kamtsempha ka pansi pa lilime. Anagwirizana kuti amutengereko Loweruka. Ndinaona lumo lake ulendo woyamba uja. Linali ladzimbiri.

Lachinayi la sabata imeneyo tinali m'munda wa amalume, tikukumba mbatata. Kunali chifunga ndi kamphepo kozizira ka kuno. Panjira panatulukira mayi wina wamtali, atafunda chitenje chofanana ndi cha amayi. Felista anataya mbatata n'kuthamanga. Sindinamuonepo akuthamanga choncho chibwerere. Pakamwa pake panali potsegula, mawu ali pafupi. Atayandikira anaona kuti si iwo. Anaima. Kenaka anakweza dzanja lake lomwe, lodzaza dothi, n'kudzitseka pakamwa.

Ndinalidziwa dzanja limenelo. Ndinali nditaliona m'chigwembe.

Mwanayo sanalodzedwe. Lilime lake linalibe vuto. Anauzidwa kuti akhale chete mpaka amayi amuuze, ndipo ife tsiku ndi tsiku tinkamutsimikizira kuti womuuzayo ali m'njira. Iye ankangomvera. Pamenepo ndinakwiya, ndipo ndimakwiyabe ndikakumbukira. Ndinakwiyira amake Jozefe, amalume, aphunzitsi. Koma bodzalo linayambira pakamwa panga.

Felista anabwerera pamzere n'kuyambanso kutola. Ndinaika khasu pansi. Ndinadziwa kuti zimene ndikufuna kuchita n'zosaloleka, kuti si ine woyenera kunena, ndiponso kuti mwina ndimuwonjezera matenda. Ndinagwada pafupi naye.

“Felista, amayi sabwera. Anawawombera tsiku lija pachigwembe. Ndinawaona ndi maso anga. Ndakhala ndikukunamiza.”

Sanandiyang'ane. Anatola mbatata ina, n'kuipukuta dothi ndi chala, n'kuiponya m'dengu. Anatola inanso. Anatola mzere wonse mpaka kumapeto. Ine ndinali chigwadire, mawondo akuzizira. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, ndipo Loweruka lifika basi.

Kenaka anabwerera n'kuima pamaso panga. Mawu ake anatuluka okhakhala ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

“Adutsa?”

“Adutsa,” ndinatero. “Anadutsa kalekale. Ndikukuuza ndine.”

Anagwedeza mutu. Ananyamula dengu mbali imodzi, ine mbali ina, n'kupita kunyumba. Sanalire tsiku limenelo. Analira patapita masiku anayi, akutsuka mbale, mokweza moti anthu anatuluka m'nyumba zawo.

Amalume atamva zimene ndinachita sanandiyankhule sabata yathunthu. Anati ndadumpha akuluakulu. Koma Loweruka palibe anapita kwa sing'anga. Lolemba aphunzitsi ataitana dzina lake, anayankha. Amene anakhala naye pafupi okha ndi amene anamva, ndipo anachita kulumbira kuti aphunzitsi akhulupirire.

Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo. Ife tinatsala. Kunalibe woti tikamupeze, ndipo chigwembe chija sindikanachizindikira. Zigwembe za kumeneko n'zofanana.

Zaka zapitazi namwino wina anandiuza kuti zimene zinamuchitikira Felista ndi matenda odziwika, oti mwana akaona zoopsa maganizo ake amavulala ngati mmene thupi limavulalira. Anati masiku ano alipo anthu ophunzira kuthandiza ana otere. Ndinamuthokoza. Sindinamuuze za mphini.

Felista lero amagulitsa mbatata pa Chimbiya. Ali ndi ana atatu. Amapereka moni, amatchula mtengo, amayankha ukamufunsa. Tayala la lole likaphulika pamsewu amatha tsiku lonse osayankhula, ndipo anzake a pamsika anazolowera. Amalume atamwalira, Felista anatenga ana ake onse, ngakhale wamng'ono wa zaka zisanu, n'kukawaimika pafupi ndi bokosi. Amayi ena anang'ung'udza.

M'munda muja tinatulukamo atatu. Mwa atatufe, msewu tinaoloka awiri. Mng'ono wanga ndili naye, ndipo Lamulungu lililonse timakhala benchi limodzi kutchalitchi. Koma Wailesi anatsala m'chigwembe pamodzi ndi amayi.

Chaka chatha, tikusenda mbatata pakhonde, ndinamufunsa chifukwa chachitatu cha dazi la aphunzitsi aja. Anaganiza nthawi yaitali, mpeni uli m'manja. Anati sakukumbukira kuti anaphunzitsidwapo ndi munthu wadazi.