Kalata ya wakabaza wa ku Mgona

Pazaka zimene ndinali namwino pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu, ntchito yanga yambiri inali yoperekeza odwala pa ambulansi kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi dalaivala wina wachikulire wa ku Area 23, amene anayambitsa kamagazini ka ife onyamula odwala. Kanali ka masamba ochepa, kotuluka miyezi itatu iliyonse. Madalaivala ndi anamwino ankalembamo zimene akumana nazo panjira: kagonekedwe ka munthu wovulala msana, misewu ya ku Chinsapo yoterera dzinja, zonena kwa wachibale amene akulira m'galimoto. Iwo ankatolera nkhani, ine ndinkatayipa.

Kenaka zinthu zinasintha. Ofesi imene inkatisindikizira inaphatikizidwa ndi ina, makina n'kusamutsidwa. Anzathu ambiri olemba anatumizidwa kumaboma. Mafuta a ambulansi ankasowa, moti odwala ambiri anayamba kufika pachipatala pa njinga zamoto za kabaza. Adalaivala ajanso anapuma pantchito, matenda a shuga atawawononga maso. Ine ndinangoti basi kamagazini katha.

"Sikanathe, asisteri," anandiuza pafoni. "Muzibwera Loweruka masana. Inu muziwerenga, ine ndizimvetsera."

Ndinayamba kupita. Tinkakhala pakhonde pawo, ine ndi mapepala pamiyendo, iwo atatseka maso. Makope ochepa tinkapangitsa pakashopu ka fotokope kumsika, ena ankalandira pafoni.

Loweruka lina ndinatenga kalata imene mlonda wapageti kuchipatala kwathu anandipatsa. Inalembedwa papepala long'amba m'kope, ndipo wolemba anali wakabaza wa ku Mgona amene anatola kamagazini kathu pabenchi. Anafotokoza kuti m'mawa wina ananyamula mkazi wa neba wake, amene ankataya magazi atachilira kunyumba. Mng'ono wake wa mayiyo anakhala kumbuyo atamugwira. Panjira mayiyo anakomoka, ndipo wakabazayo sanadziwe ngati aime kapena athamange. Anathamanga. Mayiyo anafika wamoyo, koma anamwalira mawa lake. Mzere womaliza unali wakuti, "Chonde mundiuze ngati ndinalakwa."

"Iyi sitingaiike," ndinatero. "Anthu aziti tikuvomereza kunyamula odwala panjinga. Madokotala asiya kutiwerenga."

Anandipempha kuti ndiiwerengenso. Ndinaiwerenganso mpaka kumapeto.

"Tsiku limenelo munthuyu ankagwira ntchito yathu," anatero. "Ife tinalibe mafuta. Tipite tikamuone."

Lachitatu tinakwera minibasi ziwiri, ine nditawagwira mkono. Tinamupeza pasiteji ya akabaza. Anali bambo wa imvi zongoyamba kumene, ndipo atamva kuti ndife ndani anavula chipewa chake cha panjinga n'kunjuta. Adalaivala anamuuza kuti akhale nawo pabenchi. Anamufunsa ngati mnzawo wapantchito: anadzera msewu uti, anawoloka pati, mayiyo anasiya kuyankha ali pati. Iye ankayankha atazolika.

"Achimwene, simunalakwe," anatero adalaivala. "Mukanaima, panalibe chimene mukanachita pamsewupo. Inenso ndikanathamanga."

Ndiye anamuuza za mwana woyamba amene anawafera m'galimoto ali achinyamata, nkhani imene ine ndinali ndisanaimvepo pazaka zonse zija. Anati anatha sabata osafuna kugwira chiwongolero. Wakabazayo anapukuta maso ndi mkono wa jekete. Kenaka iye anati mwamuna wa malemuyo amamupatsa moni bwinobwino tsiku lililonse, ndipo moniyo ndi amene amamulemera kwambiri.

Ndinachita manyazi ndi mawu anga a Loweruka. Ndinamufunsa zimene iye ndi anzake amafuna kudziwa, ndipo anatchula zambiri moti ndinalemba kuseri kwa kalata yake.

Kalatayo tinaisindikiza popanda dzina, pamodzi ndi yankho limene tinalemba tonse awiri: kuyamba wafufuza galimoto kuti wodwala agone, kuimbiratu foni kuchipatala, kumangira wodwala kwa womuperekeza ndi chitenje ngati palibe njira ina. Dokotala mmodzi anandiimika pakhonde la wodi n'kunena kuti tatsitsa ulemu wa kamagaziniko. Mzamba wina, amene anali asanatilemberepo, anatumiza nkhani ya masamba awiri yofotokoza zizindikiro zoopsa kwa mayi wochira kumene. Mwezi wotsatira akabaza angapo anabwera kuchipatala kwathu kudzapempha kuti ndiwaphunzitse, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wakuseri kwa famase.

Pano kamagazini kali ndi tsamba la akabaza. Zolemba zawo zimabwera zokhotakhota, zina ndi mawu ongojambula pafoni. Adalaivala sayendanso patali, ndipo Loweruka lina amagona ndisanamalize kuwerenga. Zikatero akazi awo amanditengera tiyi, n'kunena kuti ndipitirize motsitsa mawu, chifukwa nawonso amafuna kumva mmene nkhaniyo yathera.