Mawu othyoka a mayi Yeom

Mayi Yeom Bok-nye anabadwira ku Mokpo, padoko lina ku Korea, ndipo anayamba kuimba asanathe msinkhu. Gulu lawo linkayenda m'misika ndi tenti, iwo akuimba nyimbo zimene kwawoko amazitcha trot, zodandaula zombo zonyamuka ndi amuna osabwerako. Kutchuka sanatchuke. Anajambula kaseti imodzi yokha, ndipo oikonda anali madalaivala a basi. Amuna awo atamwalira, mwana wawo Dong-su anawatengera ku London, kumene anali ndi sitolo. M'chaka cha 2004 anafa ziwalo mbali imodzi, nakagonekedwa m'nyumba yosamalira okalamba ku Woolwich.

Wowasambitsa ndi kuwadyetsa anali Effie, wa ku Ntcheu. Chingerezi cha mayiwo chinkathera pa thenkyu, koma awiriwa ankamvana ndi manja.

Masana alionse mayi Yeom ankaika kaseti ija m'wailesi n'kumaimba motsatira. Mawu akakwera ankathyoka, n'kunjenjemera ngati a namfedwa. Effie mtima unamupweteka. Anachita zimene anaphunzitsidwa kwawo: anavula nsapato, nakhala pansi pambali pa bedi, mutu chowerama.

"Pepani mayi, pepani."

Kenako anauza nesi wamkulu kuti gogoyu kaseti imamuliza tsiku ndi tsiku. Nesi anaimbira foni Dong-su, ndipo iye anabwera n'kunyamula wailesi ndi kaseti yomwe.

Mayi Yeom anatembenukira kukhoma. Phala ankalikankha, mankhwala ankawalavula. Sabata isanathe mikono inayamba kuonda, nesi n'kuyamba kunena zowatumiza kuchipatala akawadyetsere m'paipi.

Lamlungu Effie anamudikirira Dong-su pakhomo.

"Bambo, tandiuzani, amayi amalira maliro a ndani?"

Dong-su anaseka. "Maliro ati? Trot amaimba choncho. Kuthyola mawu kumeneko anakuphunzira zaka zambiri, aphunzitsi awo akuwakwapula."

"Ndiye inu mumadziwa, n'kulandabe wailesi?"

"Ndi nyimbo za m'mabala zimenezo. Kusukulu anzanga ankandiseka nazo."

"Koma abale! Munthu wa imvi ngati inu mukadali pasukulu? Amayi anu sakudya uko. Ine ndinalakwa chifukwa sindinkadziwa. Nanga inu?"

Dong-su anayang'ana nsapato zake, napita kugalimoto. Wailesi inali ikadali m'buti.

Ataiika pabedi, mayi Yeom sanaikhudze. Analoza mwana wawo ndi dzanja lamoyo lija, n'kulankhula mawu awiri okalipa.

"Akuti chiyani?" anafunsa Effie.

"Akuti ndiimbe ine."

Anaimba Dong-su, bambo wa sitolo yake, thukuta lili kamukamu, mawu ali ngati chitseko chadzimbiri. Atafika pothyola paja anangodutsa mowongoka. Mayi ake anamumenya padzanja, nakweza mutu, nathyola mawuwo okha, bwinobwino, mpaka nesi anasuzumira pakhomo.

Kenako mayi Yeom anayang'ana Effie n'kuloza mbale ya phala.