Nyimbo ya mayi Nabanda

Ntchito ya mu situdiyo ndinaipeza paukwati. Bambo Chimwaza, eni kasitudiyo kena ku Senga Bay, anandimva ndikuyimba kiyibodi ya kutchalitchi kwathu, nandiuza kuti ndikawaone Lolemba.

Kiyibodi yawo inandidabwitsa. Ndinadina makiyi, koma zii. "Iyi ndi ya MIDI, payokha siilira," anatero. "Imangouza kompyuta kiyi amene wadina komanso mphamvu imene wadinira." Anailumikiza ndi chingwe cha USB, n'kusankha piyano m'pulogalamu, mawu n'kutuluka. Anandiphunzitsanso kumenya ng'oma pa mapadi a labala, kutsatira kugogoda kwa metironomu m'mahedifoni, ndi batani la kwantaizi limene limakokera noti iliyonse pamzere wake.

Tsiku lina iwo ali ku Lilongwe kokonzetsa sipika, kunabwera amayi a kwaya ochokera ku Chipoka. Mtsogoleri wawo, mayi Phiri, sanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene, amene anapeka nyimbo imene tabwera kudzajambulayi, mayi Nabanda, ali m'chipatala ku Salima. Akufuna aimve. Madokotala akuti tisachedwe."

Magetsi anali atathima, tinkadalira batire ya sola. Ndinafulumira monga ndinaphunzirira. Nditangomva vesi yoyamba, ndinajambula piyano, besi ndi ng'oma, n'kudina kwantaizi, zonse n'kukhala pamzere. Amayi aja atavala mahedifoni anayamba bwino, koma pofika pakolasi anatsalira. Tinabwerezabwereza, osatheka. Chitseko chinali chotseka kuopa phokoso la njinga zamoto, ndipo thukuta linkangoyenderera. Kenako invetala inayamba kulira kuti batire ikutha.

Mayi Phiri anavula mahedifoni. "Iyi si nyimbo yathu. Pamene pali dzina la Yesu timakoka mpweya, chinthu chanuchi chikutithamangitsa."

Ndinaimbira bambo Chimwaza, foni osayankhidwa. Ndinathimitsa fani ndi sipika zazikulu kuti moto utsale, ndinafufuta zonse ndinajambula zija, metironomu n'kuitseka.

"Imbani mmene mumaimbira kwanu, amayi. Ine ndikutsatirani."

Anaimba okha, ine ndikujambula mawu awo. Atamaliza ndinabwezera nyimboyo poyambira, n'kuyika zala pakiyibodi. Pomwe ankachedwa ndinkachedwa nawo, pomwe ankapuma ndinkadikira. Kwantaizi sindinamukhudze. Noti ziwiri zimene chala chinaphonya ndinazisuntha ndi mausi. Nyimbo itangolowa m'foni ya mayi Phiri, kompyuta inathima. Anathamangira minibasi osatsanzika.

Patapita sabata mayi Phiri anabweranso, atavala chitenje chakuda. Anati anawayikira mayi Nabanda foniyo pakhutu asanamwalire. Pofika pakolasi wodwalayo anakweza dzanja pang'ono n'kuligwira m'mwamba, monga ankachitira potsogolera kwaya, mpaka mpweya uja utatha.

Mpaka lero, gulu likalowa mu situdiyo sindithamangira kompyuta. Ndimayamba ndawapempha kuti aimbe kaye, ndimve pamene amapumira.