Adokotala a Chikolopa

Zaka makumi awiri akhala akukolopa wodi ya amayi oyembekezera, mpaka anthu a mumsewu mwawo anawapatsa dzina loti Adokotala. Iwo osakana ayi! Akaweruka n'kupachika yunifolomu yobiriwira kuseri kwa chitseko, azimayi ankabwera kudzafunsa za miyendo yotupa, iwo n'kumayankha ngati analemba mayeso. Chonsecho sukulu yawo inali ndowa ndi chikolopa basi.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Pa mimba yake yoyamba nsupa inasweka Lachiwiri m'mawa, mimba isanayambe kuwawa.

"Amayi, tipite kuchipatala?" anafunsa mtsikanayo.

"Kukatani? Ndimawaona ine othamangirawo. Amangogona pakhonde, anamwino n'kumawakalipira. Dikira iyambe kuwawa. Ndikakulowetsa ndekha khomo lakumbuyo, ukapeza bedi lapawindo."

Anadikira masiku awiri. Pofika Lachinayi thupi la mtsikanayo linali moto, madzi otulukawo akununkha. Bedi lapawindo analipezadi. Mwana anabadwa wamwamuna, wolira mofooka, wokana bere, ndipo tsiku lachitatu anayamba kukomoka, timanja tikunjenjemera.

Dokotala weniweni, mtsikana yemwe iwo ankamukolopera ofesi m'mawa uliwonse, anafotokoza mosabisa. Nsupa ikasweka njira imakhala yotseguka. Tizilombo tinakwera, tinalowa m'magazi a mwanayo mpaka ku ubongo. Mankhwala atipha, koma pamene tawononga sipabwerera.

"Nanga munachedweranji?" anafunsa dokotalayo.

Chikalata chochenjeza zimenezo chinali pakhoma pomwepo, ndipo agogowo anali atachipukuta fumbi zaka zonsezi osachiwerenga.

Mdzukuluyo tsopano ali ndi zaka zinayi. Khosi ndi lendee, miyendo gwa ngati ndodo, sakhala, sayankhula. Bambo ake anapita kokafuna ntchito, mpaka lero akufunabe. Lamlungu lililonse agogowo amabwera kudzamusambitsa ndi kuchapa matewera, ndipo mwana wawo amawatsegulira, amawapatsa mpando. Sanawatukwanepo. Bola akanawatukwana! Chowadya mumtima n'chakuti chichokereni kuchipatala kuja, mawu oti "Amayi" sanatulukenso pakamwa pake. Amangoti "afika" kapena "akupita", ngati akunena za munthu wodzawerenga mita ya madzi.

Tsiku lomwe anapuma pantchito, anzawo atawaombera m'manja, agogowo analunjika kwa mwana wawo uja. Anamupeza akudyetsa mwanayo ndi kasupuni, theka likulowa, theka likutsikira pachibwano. Anakhala pansi, mpando ataukana.

"Mwana wanga, ndinalakwa ine. Ndinkadziyesa wodziwa. Ntchito yatha, ndibwere ndizikhala nanu kuno, ndizimunyamula ndine. Ndine mayi wako."

Mwana wawoyo anapukuta chibwano cha mnyamatayo, n'kumudzutsa mutu womwe unali utagweranso pambali. Sanakweze mawu.

"Ndamva, Adokotala. Potuluka mutseke chitseko, mphepo imamulowa."