Jekete Limene Linamwa Cheza

Tsiku limene anandipatsa kabaji kuntchito, ndinabwerera ku Chawama chifuwa chili patsogolo, ine pambuyo. Ndikulumbira, chifuwacho chinayamba kufika pakhomo, ine ndinachipeza chitakhala kale pampando.

Ntchito yanga inali yokankha odwala panjinga kupita nawo ku ekisire, kumene amajambula mafupa m'chipatala. Kabajiko, kochepa ngati bokosi la machesi, kamayeza cheza choopsa cha makina a ekisire chimene thupi lamwa. Abwana athu, mayi wosaseka wamba, anandiuza kuti kazigona kuntchito. Koma mwana wa mukomboni sasiya chinthu chamtengo poyera. Ndinafunafuna malo amene wakuba sangayerekeze kufikako, ndipo ndinawapeza: msomali wa kuseri kwa makina enieniwo. Poweruka ndinkapachika jekete pamenepo, kabaji kali pathumba.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali woyembekezera koyamba. Apongozi anga anali atalengeza kale pampopi kuti, "Bantu ba ekisire bamabala bana bowala monga tochi."

Mabaji atapita kokawerengedwa, abwana anandiitana.

"Imwe, mumagona mumashini? Aka kabaji kapsa!"

Ananditenga magazi kuti akaone makromozomu, timizere tonyamula mtundu wa munthu timene cheza chimathyola. Ndinaganiza za mwana wam'mimba uja. Masiku odikira ndinaonda mpaka kondakitala wa minibasi anakhazika munthu pampando wanga ine ndili pomwepo. Mboni zilipo.

Kenako abwana anafunsa kumene ndimasunga kabaji. Ndinawatengera kumsomali kuja monyadira.

Anayang'ana msomali, anayang'ana ine. Anaseka mpaka kugwira khoma. Jekete langa linkajambulidwa limodzi ndi wodwala aliyense wa mashifiti amene ine kunalibe: nthiti za kukomboni ya Misisi, miyendo ya ku Kanyama, zonse linamwa lokha.

Zamagazi zinabwera zoyera, timizere tonse tili chilili ngati asilikali. Ndinathamanga osadikira basi, ndinadutsa Kamwala fumbi langa likunditsatira mochedwa.

"Amake mwana, nili bwino! Yodwala ni jekete!"

Mkazi wanga anandimenya ndi chitenje, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Mwana anabadwa wamkazi, wamphumphu, mawu ngati hutala. Magetsi atathima, apongozi anamuvundukula, namuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Sawala," anatero mokhumudwa. "Leta kandulo kuno."