Chikwama cha Tawonga

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma pakati pa azimayi amene anadzaza chipinda cha amayi athu ku Kande. Panja azibambo anali akuimbabe nyimbo za mpingo m'Chitonga, mawu atasasa, ndipo mwera unkawomba kuchokera kunyanja mpaka malawi a moto wa pabwalo kugonera kumodzi. Bokosi linali pabalaza, lokhomeredwa. Achipatala anatilangiza kuti tisatsegule, chifukwa mlongo wanga Tawonga anakhalitsa m'madzi asanapezeke.

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Azimayi anali atayala kale mafuwa, ena akuwaza nkhuni, ena akusefa ufa wa chinangwa wophikira kondowole. Asodzi anali atasiya ndowa za usipa osauza munthu. Nditafuna kugwira ntchito anandibweza, nati namfedwa sagwira mpeni. Ndinangoima pamenepo utsi ukundilowa m'maso.

Tawonga anali womaliza m'banja mwathu. Anamaliza sukulu bwino, koma anakhala zaka akungothandiza pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja alendo akachuluka. Kenako kampani ina ya mumzinda inalemba achinyamata oti aziyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso. Ankafunsa kuti pakhomo amagona anthu angati, wogwira ntchito ndani, nyumba ndi yawo kapena ya lendi, denga ndi la udzu kapena malata, ndiponso kuti zinthu zikakwera mtengo amayamba kusiya kugula chiyani. Anatiuza kuti mayankhowo amapita kwa akatswiri a zachuma a ku banki yaikulu ya dziko lina, ya mtundu uja woyang'anira ndalama za dziko lonse, amene amafufuza mmene mabanja osauka amakhalira. Ntchitoyo ankainyadira. Anamupatsa tabuleti yolembapo mayankho, ndipo ankaisamala kuposa mwana wakhanda.

Anamutumiza ku Usisya mwera uli pakati. Usiku woti abwerera mawa lake, anakwera kaphiri kukasaka netiweki n'kuimbira mkazi wake, NyaManda. Anati nyanja yaipa, koma oyang'anira anena kuti mayankho akufunika msanga, ndipo amene akuchedwa asayembekezere kuitanidwanso. M'mawa mwake anakwera boti. Silinafike.

Kutacha tsiku la maliro lija, anthu anayamba kufika. Ena anatsika m'minibasi pamsewu waukulu, ena anabwera pa njinga kuchokera ku Tukombo ndi ku Bandawe, ena wapansi m'mbali mwa nyanja, atafunda zitenje chifukwa cha kuzizira. Anzake akale a ku loji anabwera ndi mayunifomu awo, atangopempha maola ochepa. Anyamata ndi atsikana amene ankafunsa nawo mafunso anafika pamodzi, atadzilipirira okha ulendo, nakhala pansi kumapeto kwa bwalo. Amayi a mpingo, ovala zoyera ndi zakuda, analowa m'nyumba akuimba, ndipo kulira kumene kunali kutazirala kunayambiranso.

Dzuwa litakwera inafika galimoto yoyera ya kampani ija. Munatsika abambo awiri ndi mayi mmodzi. Amalume athu, munthu wokalamba wodwala miyendo, anaimirira n'kuwapatsa mpando wawo, iwo nakhala pa njerwa. Alendowo anabweretsa nkhata ya maluwa, dzina la kampani lolembedwa ndi zilembo zazikulu moti munthu akanatha kuliwerenga ali kumsewu.

Atalankhula a banja ndi a mpingo, mkulu wa alendowo anapatsidwa mpata. Anawerenga mawu ake pa foni. Ananena kuti kafukufuku wawo adzathandiza kuti anthu apeze ntchito zabwino ndi nyumba zabwino. Ananena kuti ngakhale malemu anali waganyu chabe, osati wantchito wokhazikika, kampani yakhudzidwa kwambiri. Kawiri konse anamutchula kuti Tiwonge. Kachiwiriko azimayi anang'ung'udza, ndipo mtsikana mmodzi mwa anzake aja anakuwa ali pansi pomwepo kuti, "Ndi Tawonga." Bamboyo anayang'ana pa foni, napitiriza.

Mawu akuti waganyu chabe ndinawamvetsa. Ankauza ife, pamaso pa bokosi, kuti tisayembekezere kanthu.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda masana. Njira yake imadutsa m'minda ya chinangwa n'kukwera pang'ono, ndipo mchenga unkatilowa m'nsapato. Anyamata ankalandizana bokosi paphewa, aliyense akufuna kugwirako. Mphepo inkabalalitsa nyimbo, akutsogolo akumaliza ndime akumbuyo ali pakati. NyaManda anayenda atagwiridwa mbali zonse, mwana wawo wamng'ono ali kumsana kwa azakhali. Chifikireni uthenga wa ngoziyo sanalankhule ndi munthu.

Panjira ndinapezeka ndikuyenda pafupi ndi bambo wina amene anapulumuka m'boti lomwelo. Anandiuza motsitsa mawu zimene abale anali akundibisira. Boti litagubuduzika gombe silinali patali kwenikweni. Ambiri anataya katundu n'kusambira. Tawonga, mwana wobadwira panyanja, amene anaphunzira kusambira asanayambe sukulu, anali ndi chikwama kumsana. Anamukuwira kuti achivule, koma iye anakana. Ankadziwa kuti tabuleti ikatayika adzamudula malipiro onse.

Za kumanda sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka dothi lofiira likugunda bokosi, ndi amayi athu akuitana dzina lake la paubwana. Nkhata ya kampani inaikidwa pamwamba pa zonse, ndipo mmodzi wa alendowo anaijambula.

Titabwerera kunyumba, anthu akusamba m'manja kuti adye, amalume anandiitanira pambali pa mtengo wa mango. Mkulu wa alendo uja anali pomwepo. Anayamba ndi kupepesa kwambiri, kenako anafunsa ngati apolisi anatibwezera chikwama cha malemu. Anati ku Usisya kunalibe netiweki yokwanira, choncho mayankho a ulendo wonsewo akadali m'tabuleti, ndipo akatswiri aja akuwadikira.

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti chikwamacho anachivula pamsana pa mtembo.

Anati akumvetsa, koma ndi katundu wa kampani, ndipo kubweranso kuno n'kutali.

Ndinkafuna kukuwa kuti khamu lonse limve. Amalume anandigwira dzanja. "Mwana wanga, apatse. Tisayambane ndi anthu akuluakulu pa tsiku ngati lino." Anakulira m'nthawi imene wobwera pa galimoto sankatsutsidwa, ndipo sindinafune kuwachititsa manyazi. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa chikwamacho pansi pa bedi. Chinali chikadali chonyowa, chikununkha nyanja. Zovala zake zinali zitaumbika pamodzi ndi mchenga. Tabuleti anali ataikulunga m'majumbo angapo, n'kumanga ndi mphira ya njinga.

Ndinayembekeza kuti bamboyo angoilandira n'kupita. Koma anamasula mphira pomwepo, navula majumbowo limodzi limodzi, n'kudina. Galasi linawala.

"Mulungu ndi wabwino," anatero kwa mnzake. "Ikuyaka."

Mayi amene anabwera nawo anatembenuka n'kupita kugalimoto osatsanzika. Amalume anayang'ana pansi. Ine ndinatola majumbo aja, sindikudziwa chifukwa chake. Alendowo sanadikire chakudya. Anati ulendo ndi wautali.

Pofika madzulo bwalo linali litayera. Mabenchi a tchalitchi anabwezedwa, mafuwa anatsala ndi phulusa lokha, agalu akununkhiza. Mwera unaleka, monga umachitira ukamaliza zake. Achibale ochepa ogona pamaliro anakhala pakhonde. Amayi anagona chokhala.

NyaManda ndinamupeza kuchipinda, atatulutsa zovala zija m'chikwama, akuchotsa mchenga m'kolala ya shati ndi chala. Ndinakhala naye pamphasa. Patapita nthawi anandifunsa, osadzutsa mutu, ngati anthu aja atenga chinthu chawo. Ndinati atenga. Anafunsa ngati chinali chisanawonongeke. Ndinati sichinawonongeke.

"Ndiye anachisunga bwino," anatero, napitiriza kuchotsa mchenga.